Kachitsulo kofiira ndi valavu yokakamira: njira iti yochepetsera mafuta mu injini ya ndege?

M'mawa wa mwezi wa June, chisanu chikadali m'mafupa, wophunzira kuyendetsa ndege akhala mu Cessna 172, afuula kuti anthu atalikire pulopela, n'kupotokola kiyi. Injini yalira, koma kulira kwake n'kotsimphina. Ndege yonse ikunjenjemera, singano za mageji zikuvina, mpando ukugwedezeka. Pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri, injini ija yayamba kuyenda myaa ngati sipanachitike kanthu. Mphunzitsi akweza mapewa. "Ndi kuzizira chabe aka, tiyeni."

Kuzizira ndi kumene kwaulula vutolo, koma sikunalibweretse. Amakaniko a ku America anawapatsa dzina matendawa, morning sickness, kufanizira ndi nseru ya m'mawa ya mayi woyembekezera. Chimene chachitika n'chakuti valavu ya ekizozi (yotulutsira utsi) ya silinda imodzi yakakamira mu gayidi yake. Mwendo wa valavu umayenda m'kapaipi kothina kotchedwa gayidi, ndipo mpata wa pakati pawo ndi wochepa ngati tsitsi. Zinyalala zikaunjikana pamenepo, mpatawo umatha. Injini ikazizira, mutu wa silinda, womwe ndi wa aluminiyamu, umafinya gayidi, valavu n'kugwidwa. Ikatentha zitsulo zimafutukuka, valavu n'kumasuka. N'chifukwa chake matendawa amaoneka ngati achira okha. Tsiku lina sadzachira, ndipo tsikulo likhoza kukupezani muli m'mwamba. Valavu ikakakamira chotseka, pushirodi, kachitsulo kamene kamakankha valavu kuti itseguke, imapindika, nthawi zina n'kuboola paipi yake oyilo n'kuyamba kutayika. Ikakakamira chotsegula, silindayo yafa, ndipo pisitoni ikhoza kuimenya. Pa injini ya masilinda anayi, kutaya imodzi si nkhani yaing'ono.

Anthu oyendetsa ndege zazing'ono akakhala pansi kukambirana za vutoli, sipatenga nthawi kuti nkhani ifike pa kachitsulo kofiira ka mixture, kochepetsera kapena kuonjezera mafuta osakanikirana ndi mpweya, kamene kamakhala pambali pa throttle, kachitsulo koonjezera mphamvu ya injini. Ena amalumbira kuti kuchepetsa mafuta ndi kumene kumawononga mavalavu. Ena amati kusachepetsa ndiye mdani. Ndiyesa kuika njirazi pa sikelo, koma tiyambe taona kaye chimene chimamata valavuyo.

Chimene chimaunjikana pa mwendo wa valavu

Mafuta a ndege zimenezi ndi avgas 100LL, obiriwira ngati thambo. Zilembo ziwiri za kumapetozo zimatanthauza kuti mtovu wake ndi wochepa, koma musanyengeke nazo. Malire ake ndi magalamu 0.56 pa lita imodzi, omwe ndi ochuluka kanayi kuyerekeza ndi mafuta ofiira akale a 80/87, amene injini monga Continental O-200 ndi Lycoming O-320 zina anazipangira. Tawerengerani nokha. O-320 imamwa malita pafupifupi 30 pa ola. Ngati mafutawo ali pa malire ake, ndiye kuti magalamu 17 a mtovu akudutsa mu injini ola lililonse. Pa maola 2,000 amene injiniyi imayembekezeka kugwira ntchito isanaphwasulidwe, ndi makilogalamu mpaka 34, kupitirira theka la thumba la chimanga. Pafupifupi wonsewo uyenera kutulukira pa khomo limodzi, pa valavu ya ekizozi.

Mtovuwo sanauikemo mwangozi. Ndi umene umaletsa mafuta kuphulika mwachisawawa m'silinda, zomwe zimaboola mapisitoni. Khoswe wakhala pamkhate. Pofuna kuti usamatirire m'kati, opanga mafuta amathiramo mankhwala ena, ethylene dibromide, amene amagwirana ndi mtovu n'kuusandutsa nthunzi yotuluka ndi utsi. Koma mankhwalawa amagwira ntchito moto ukakhala wotentha bwino. Moto wozizira, wa mafuta ochuluka, umasiya mtovu m'mbuyo.

Pa chifukwa chenicheni cha kukakamira pali magulu awiri. Kampani ya Lycoming, ya ku Williamsport ku Pennsylvania, kwa zaka zambiri yakhala ikuloza chala kutentha kwambiri ndi oyilo wakuda: oyilo amapserera mu gayidi n'kusanduka makala, makamaka ngati zotchingira mphepo yoziziritsa injini zatha kapena oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. Gulu lina likutsogoleredwa ndi Mike Busch, makaniko wodziwika pa nkhani za injini za ndege, ndi Ed Kollin, katswiri wa oyilo amene anapanga CamGuard. Kollin anapala zinyalala za pa mwendo wa valavu n'kuziyeza, ndipo anapeza kuti zambiri mwa izo ndi mtovu wogwirana ndi bromine wa m'mankhwala aja a ethylene dibromide. Malinga ndi iwo, nthunzi ya mtovuyi imauma n'kumatirira ikakhudza chitsulo chimene kutentha kwake sikukufika pafupifupi 1,100°F, ngati mmene nthunzi ya mumphika imachitira mame pa chivundikiro chozizira.

Maganizo awiriwa amatsutsana pa chinthu chachikulu. Loyamba likuti valavu imakakamira chifukwa yatentha kwambiri, lachiwiri likuti chifukwa yazizira. Lachiwirili limafotokoza bwino chinthu chimene amakaniko ambiri anachiona kalekale, chakuti injini za Lycoming zimakakamira mavalavu kawirikawiri kuposa injini zikuluzikulu za Continental. Mavalavu a ekizozi a Lycoming ndi obooka m'kati ndipo muli sodium, chitsulo chimene chimasungunuka pa 98°C n'kumakhuthukira uku ndi uku, kuchotsa kutentha kumutu kwa valavu. Valavu yotere sipsa msanga, koma malo amene utsi umawomba amakhala ozizirirapo. Ya Continental ndi chitsulo chokhachokha, imakhala yotentha, ndipo matenda ake ndi kupsa osati kukakamira. Ine ndimaona kuti magulu onsewa ali ndi mbali yake ya choonadi. Silinda yotentha mopitirira imawotcha oyilo, yozizira mopitirira imaunjika mtovu. Njira yabwino yochepetsera mafuta ndi imene ikudutsitseni pakati pa maenje awiriwa.

Zimene kachitsuloko kamachita

Amene anakulira m'nyumba ya nyali ya galasi akudziwa kale nkhaniyi. Mukakweza chingwe kwambiri, moto umafiira, utsi n'kutuluka, galasi n'kuda bii ndi mwaye. Mukachitsitsa pang'ono moto umayera. Mukapitiriza kutsitsa umayamba kuphethira mpaka kuzima. Kachitsulo kofiira ndi chingwe cha nyali ya injini. Kuti petulo apse yense bwinobwino pamafunika makilogalamu pafupifupi 15 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya mafuta. Ndege ikamakwera mpweya umapepuka, koma kabuleta amapitiriza kuthira mafuta ofanana ndi a pansi, ndiye moto umanka nufiira.

Poyeza zonsezi amagwiritsa ntchito mageji awiri. EGT imaonetsa kutentha kwa utsi wotuluka, CHT imaonetsa kutentha kwa mutu wa silinda. Mukamakoka kachitsuloko pang'onopang'ono, EGT imakwera mpaka kufika pachimake, kenako n'kuyamba kutsika. Pachimake pamenepo ndi pamene mafuta ndi mpweya zakwanirana, ndipo oyendetsa ndege amapatcha peak. Mbali ya mafuta ochuluka amaitcha ROP, mbali ya mafuta ochepa LOP. Mkangano wonse uli pa funso loti muime pati pa phiri limeneli. Chofunika kusunga m'mutu n'chakuti CHT sifika pachimake pamodzi ndi EGT. Imafika msanga, pa madigiri a Fahrenheit 40 kapena 50 EGT isanafike pa peak, ku mbali ya ROP. Pamenepo ndi pamene moto umakankha pisitoni mwankhanza kwambiri ndipo mitu ya masilinda imatentha koposa.

Kungosiya kachitsulo m'kati

Njira yoyamba ndi yosachita kanthu: kukankhira kachitsulo m'kati mpaka kumapeto n'kukaiwala. Ophunzira ambiri amayamba nayo, ndipo ena amakalamba nayo chifukwa anauzidwa kuti mafuta ndi otchipa kuposa injini. Ili ndi malo ake. Ponyamuka pa bwalo la kunsi ndi mphamvu zonse, mafuta owonjezerawo amachedwetsa moto n'kuteteza injini. Kupatula apo, ndi njira yoipitsitsa pa nkhani ya mtovu. Mapulagi amadzaza timibulu totuwa, mavalavu amavala chikhakha, mafuta n'kumangopita pachabe.

Kuno kwathu njirayi imalakwika ngakhale ponyamuka pomwe, chifukwa mabwalo ambiri ali pamtunda. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere, la Mzuzu chimodzimodzi, la Kenneth Kaunda ku Lusaka latsala pang'ono kufika 3,800, ndipo mabwalo a ku Johannesburg, kumene ambiri amakaphunzirako, ena amapitirira 5,000. Onjezani dzuwa la October. Pa mafiti 4,000 mabuku amawerengera kuti kunja kuli 7°C. Kukafika 32°C, injini imapuma mpweya wa pa mafiti pafupifupi 7,000. Lycoming imanena kuti mpweya ukapepuka kufika pa mafiti 5,000 kapena kuposa, muchepetse mafuta musananyamuke, ndipo buku la Cessna 172S limayambira pa 3,000. Woyendetsa amene akunyamuka ku Chelinda pa Nyika, kupitirira mafiti 7,000, kachitsulo kali m'kati kotheratu, akuimana yekha mphamvu pa nthawi imene akuzifuna zonse. Pa mabwalo otere amaponda mabuleki, kutsegula throttle yonse, kukoka kachitsulo mpaka RPM (kuzungulira kwa injini pa mphindi) itafika pamwamba, n'kukabweza pang'ono.

Kuchepetsa ndege ili pansi

Apa palibe mkangano, ndipo ndi pamene phindu lili lalikulu popanda kulipira kanthu. Injini ikamalira pang'onopang'ono pansi, moto wake ndi wozizira ndipo mafuta ndi ochuluka, malo abwino kwambiri oti mtovu ukhazikike. Ikangolira n'kukhazikika, kokani kachitsulo kwambiri, mpaka injini itatsala pang'ono kuzima. Pa mphamvu yochepa chonchi simungawononge kanthu. Langizo la akale n'lakuti mukoke mokwanira moti mukaiwala n'kutsegula throttle kuti munyamuke, injini itsokomole n'kukukumbutsani. Choopsa ndi kukoka pang'ono chabe, chifukwa mukhoza kunyamuka osazindikira. Lycoming imalangizanso kuti podikira pansi injini izikhala pa RPM 1,000 mpaka 1,200, ndipo musanazimitse muikweze kufika 1,800 kwa masekondi 15 kapena 20, kenako muitsitse n'kuzimitsa ndi kachitsulo komweko. Ndege za sukulu, zimene zimatha theka la moyo wake zikudikira mzere ndi kuzungulira bwalo, ndi zimene zimapindula kwambiri.

Kuchepetsa ndi khutu

Ndege zambiri zakale zili ndi kabuleta, pulopela wosasintha, ndi geji imodzi ya EGT kapena zilibiretu. Njira yake ndi ya makolo: mukafika pamene mukufuna kuyenda, mphamvu ili pa 75 peresenti kapena kutsika, kokani pang'onopang'ono mpaka injini iyambe kugwedera, kenako bwezani pang'ono mpaka isalale. Basi. Kugwederako kumabwera chifukwa kabuleta sagawa mafuta mofanana. Silinda imodzi imayamba kumva njala anzake akadali okhuta. Mukabweza pang'ono, masilinda amakhala mozungulira peak, ena mbali iyi ena mbali inayo.

Anthu a mageji ambiri amaiderera njirayi, koma ine ndimailemekeza. Pa O-320 kapena O-360, pa mphamvu ya 65 peresenti, palibe malo a kachitsuloko amene angawononge injini yathanzi. Ndipo injini yopanda turbo (makina okankhira mpweya mu injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mafiti 1,000 alionse, moti pofika pa 8,000 singapitirire 75 peresenti ngakhale throttle itatsegulidwa yonse. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti simuona zimene silinda iliyonse ikukumana nazo. Ngati geji ya CHT ili pa silinda imodzi yokha, ina ikhoza kumapsa kumbuyoko inu mukuimba mluzu.

ROP: madigiri 50 kapena 100?

Mabuku ambiri a ndege amalangiza kuyenda pa madigiri 50 ku mbali ya mafuta ochuluka, ndipo mibadwo ya oyendetsa ndege inaloweza nambala imeneyi ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Koma taona kale kuti apa ndi pamene mitu ya masilinda imatentha kwambiri. Pa mphamvu yochepa zilibe kanthu. Pa mphamvu yoposa 70 peresenti, makamaka pa injini yaikulu kapena ya turbo, ndi malo oipa kuimapo. George Braly, John Deakin ndi Walter Atkinson, amene ankaphunzitsa za injini ku Ada ku Oklahoma pogwiritsa ntchito injini yolumikizidwa ku makina oyezera, anatcha dera limeneli red box, bokosi lofiira limene limakula mphamvu ikamakwera ndipo limazimiririka mphamvu ikatsika kufika cha pa 60 peresenti.

Ngati mwasankha ROP pa mphamvu yaikulu, pitani nayo kutali: madigiri 100 mpaka 125, kapena kuposa. Pamenepo ndi pamene injini imapereka mphamvu zochuluka, ndege n'kuthamanga kwambiri. Mtengo wake ndi mafuta ambiri, mtovu wambiri, ndi utsi wodzaza zinyalala zosapsa. Pa ulendo wothamangira nthawi, kapena pokwera, njirayi ndi yoyenera. Kuyenda nayo tsiku ndi tsiku kwa maola mazanamazana, makamaka pamalo okwera pamene injini ndi yozizira kale, ndi kudyetsa mavalavu chakudya chimene chimawakakamiza.

Peak yeniyeni ndi imene Lycoming imavomereza ngati njira yosunga mafuta pa mphamvu ya 75 peresenti kutsika. Anthu amaopa kuona EGT ili pamwamba, poganiza kuti utsi wotentha ndi umene umawotcha valavu. Koma valavu imataya kutentha kwake kwambiri kudzera pa mpando wake m'mutu wa silinda, ndiye CHT ndi imene imanena zambiri za moyo wake. Pa peak, CHT yayamba kale kutsika. Kwa mwini Lycoming amene safuna kutsutsana ndi buku, apa ndi pabwino: moto woyera, mafuta ochepa, ndipo palibe amene angamunene kuti waswa lamulo.

LOP, njira imene imayambitsa mikangano

Kuwoloka phiri n'kukaima tsidya la mafuta ochepa si nzeru yatsopano. Ndege zikuluzikulu za m'ma 1950, monga Douglas DC-7 ndi Lockheed Super Constellation, zinkawoloka nyanja injini zake zili LOP, injiniya atakhala pa mpando wake kuyang'anira mageji. Mu 1944 Charles Lindbergh anaphunzitsa oyendetsa P-38 ku Pacific kutsitsa RPM ndi kuchepetsa mafuta kuti afike kutali. Chimene chinalepheretsa ndege zazing'ono ndi kusagawa mafuta mofanana kuja. Mu 1996 kampani ya GAMI ya Braly inayamba kugulitsa timanozo ta injekita topimidwa payekhapayekha kuti masilinda onse afike pa peak nthawi imodzi. Muyeso wake ndi wosavuta kumva: mukamachepetsa, onani mafuta amene akuyenda pamene silinda yoyamba yafika pa peak ndi pamene yomaliza yafika. Kusiyana kukakhala theka la galoni (malita pafupifupi awiri) pa ola kapena kuchepera, injini iyenda LOP mosalala. Kukapitirira galoni imodzi, igwedera.

Ubwino wake ndi wooneka. Mpweya ndi wochuluka kuposa mafuta, ndiye palibe chotsala chosapsa. Mapulagi amatuluka oyera, oyilo amachedwa kuda, CHT imatsika, ndipo mtovu wolowa mu injini umachepa chifukwa mafuta omwewo achepa. Kuwerengera mphamvu nakonso kumaphweka, chifukwa ku mbali iyi mphamvu imatsata mafuta. Pa injini ya compression (kupanikizika kwa mpweya m'silinda) ya 8.5, mumachulukitsa magaloni a pa ola ndi 14.9 kuti mupeze mphamvu yake m'mahatchi (horsepower). Continental IO-550 ya mahatchi 310, ngati ya mu Cirrus SR22, ikamamwa magaloni 13.5 ikupereka mahatchi pafupifupi 201, omwe ndi 65 peresenti. Ku ROP injini yomweyo imamwa magaloni atatu kapena anayi owonjezera ola lililonse kuti ingopindula liwiro pang'ono. Continental imavomereza LOP pa injini ngati iyi, ndipo Piper Malibu yoyamba ya TSIO-520-BE buku lake linkalamula kuyenda pa madigiri 50 LOP. Lycoming kwa nthawi yaitali yakhala ikukana, ponena kuti woyendetsa akalakwitsa pang'ono pa mphamvu yaikulu awononga injini.

Chenjezo la Lycoming si lopanda pake. LOP imafuna geji yoonetsa EGT ndi CHT ya silinda iliyonse, mapulagi ndi magineto (timakina tiwiri topereka moto ku mapulagi) athanzi, ndi munthu amene akudziwa kuti powerenga madigiri ayambire pa silinda yomaliza kufika pa peak. Amene amawerengera pa yoyamba akhoza kusiya silinda ina ili pakatikati pa bokosi lofiira, iye akuganiza kuti wawoloka. Pa injini ya kabuleta nthawi zambiri n'zosatheka, ngakhale ena amakwanitsa potseka throttle pang'ono kapena kutsegula carb heat (mpweya wotentha wolowa mu kabuleta) pang'ono kuti mafuta asakanikirane bwino.

Palinso msampha wina umene okonda LOP sakonda kuutchula. Ngati Kollin akunena zoona, kuziziritsa injini mopitirira ndi vuto. Munthu wa Lycoming amene amanyadira kuti masilinda ake ali pa 300°F akhoza kukhala kuti akuwumba mtovu pa miyendo ya mavalavu ake mwakachetechete. Malire ofiira a Lycoming ndi 500°F, a Continental 460°F, koma amenewo ndi malire a ngozi, si oyenderapo. Lycoming yomwe imati kuti injini ikhalitse, CHT isapitirire 400°F paulendo wosunga mafuta. Busch amalangiza eni Lycoming kuti azikhala pakati pa 350°F ndi 400°F, kutanthauza 177°C mpaka 204°C. Ndiye ngati mwapita LOP n'kuona CHT yagwa kwambiri, bwererani kufupi ndi peak, tsekani ma cowl flap (tizitseko ta mphepo yoziziritsa injini), kapena onjezani mphamvu. Potsika kuchokera m'mwamba musathamangire kukankhira kachitsulo m'kati ndi kutseka throttle. Lycoming imati CHT isagwe mopitirira madigiri 50 pa mphindi.

Kuti ndinene maganizo anga mosabisa: pa ndege ya kabuleta ya sukulu kapena ya kalabu, chepetsani kwambiri pansi, ndipo m'mwamba gwiritsani khutu ulendo uliwonse mphamvu ikatsika pa 75 peresenti, ngakhale muli pa mafiti 2,000 okha. Pa injini ya injekita yokhala ndi geji ya masilinda onse, peak kapena LOP pang'ono pa 65 peresenti. ROP ya madigiri 100 kapena kuposa ndi ya pokwera ndi pothamanga. Madigiri 50 ROP pa mphamvu yaikulu ndiye ayi.

Za m'botolo ndi mafuta opanda mtovu

M'mashedi a ndege simusowa kabotolo kamene wina amakakhulupirira. TCP, imene amathira mu avgas, imasintha mtovu kukhala fumbi losamatirira kwambiri, ndipo imathandiza ndithu pa mapulagi a injini zazing'ono. Marvel Mystery Oil ili ndi oikonda ambiri, koma si yovomerezeka pa ndege za satifiketi. Palibe botolo limene lingachotse chikhakha chouma kale mu gayidi. Chotsimikizika ndi kusintha oyilo, popeza mtovu wina umathera momwemo: maola 50 alionse pa injini ya fyuluta, maola 25 pa ya sefa yachitsulo yokha, kapena miyezi inayi ngakhale ndege sinauluke, malinga ndi Lycoming.

Mankhwala enieni ndi kuchotsa mtovuwo. Kuyambira 1982 injini zambiri za compression yochepa zakhala zikuloledwa kumwa petulo wa galimoto kudzera m'zilolezo za bungwe la okonda ndege la ku America la EAA ndi kampani ya Petersen Aviation, koma zilolezozi zimaletsa petulo wosakaniza ndi ethanol. Apa ndi pamene ife a ku Malawi timagwa, chifukwa petulo wa pa filing'i siteshoni zathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira chaka chomwecho cha 1982, poyamba wa ku Dwangwa, kenako ndi wa ku Chikwawa. Ethanol amakoka madzi ndipo amadya malabala ena a m'mapaipi a ndege zakale. Injini za Rotax 912 za ku Austria ndi nkhani ina: zimakonda petulo wopanda mtovu, zilibe n'komwe kachitsulo kofiira, ndipo zikamamwa 100LL kawirikawiri oyilo amasinthidwa msanga.

Ku America boma ndi makampani anagwirizana mu 2022 kuti pofika 2030 mtovu ukhale utachoka mu avgas. M'mwezi wa September 2022 mafuta a GAMI otchedwa G100UL anavomerezedwa, ndipo a Swift otchedwa UL94 analipo kale. Koma walira mvula walira matope. Mu 2023 sukulu ya ndege ya University of North Dakota inasinthira ku UL94, ndipo patangotha miyezi ingapo inabwerera ku 100LL itapeza kuti mipando ya mavalavu a ekizozi ikudyeka. Mkangano wa chimene chinachititsa unapitirira kwa nthawi. Kuno mafuta amenewa sitikuwaona posachedwa, ndiye kachitsulo kofiira katsalabe m'manja mwathu.

Valavu ikayamba kale kukakamira

Palibe njira yochepetsera mafuta imene ingachize valavu yodwala kale. Apa zosankha ndi za makaniko. Lycoming ili ndi chikalata chake, Service Bulletin 388, cholamula kuyeza kugwedera kwa valavu mu gayidi: maola 400 alionse pa ndege, 300 pa helikopita, ndipo pa masilinda a magayidi atsopano a chrome yambiri nthawiyo inatalikitsidwa kufika maola 1,000. Valavu ikagwedera kwambiri, gayidi yatha ndipo silinda iyenera kutsika. Ikapanda kugwedera mokwanira, mwadzaza zinyalala, ndipo pamenepo pali njira yotchipa yosachotsa silinda.

Ntchitoyi ndi yosangalatsa kuionera. Makaniko amachotsa mapulagi, n'kulowetsa chingwe cha nayiloni m'silinda kudzera pa bowo la pulagi, mamita angapo, kusiya mchira panja. Akatembenuza pulopela ndi dzanja, pisitoni imakanikiza chingwecho kumutu kwa valavu kuti isagwe pamene akuchotsa masipuling'i. Kenako amatulutsa chingwe, n'kugogoda valavu mofatsa mpaka igwere m'silinda. Gayidi yatsala pululu. Amalowetsamo nsomo yopalira bowo, reamer, ya saizi yake yeniyeni, yopakidwa girisi kuti igwire zinyalala, n'kuipotokola ndi dzanja. Zimene zimatuluka ndi phulusa lotuwa, lolimba ngati simenti. Mwendo wa valavu amautulutsira pa bowo la pulagi n'kuupukuta mpaka uwale. Chovuta ndi kuibweza: tochi m'kamwa, timawaya tiwiri, maginito kunsonga kwa kamtengo, kuwedza valavu mumdima mpaka mwendo ulowe mu gayidi. Wozolowera amatha silinda imodzi m'maola ochepa. Kuyerekeza ndi mtengo wa silinda yatsopano yoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndi ndege itakhala pansi milungu ikudikira, kusiyana kwake n'kwakukulu. Ndipo silinda imodzi ikapezeka yodzaza, anzake ayezedwe tsiku lomwelo, chifukwa onse amadya mbale imodzi.

Chotsala ndi kudziwa kusiyanitsa valavu ndi pulagi yakuda, popeza zonse zimagwedeza injini m'mawa. Pulagi imadziulula poyesa magineto: injini imagwedera pa magineto imodzi, pa inayo ili bwino, ndipo mukakweza RPM n'kuchepetsa mafuta kwa masekondi 30 nthawi zambiri imayera. Valavu sisamala za magineto. Imagwedeza injini kuyambira pa kulira koyamba, kiyi ili pa BOTH (magineto onse awiri akugwira ntchito), ndipo pa geji ya masilinda onse mzere umodzi wa EGT umagona pansi anzake akukwera. Ngati gejiyo palibe, zimitsani injini isanatenthe, tsegulani, n'kuyandikitsa dzanja pa silinda iliyonse mosamala. Imene ili yozizira ndi imeneyo. Lembani nambala yake, ndipo ndegeyo ikankhidwire ku shedi.